Cloud yathu ya OpenStack kuchokera ku mapaketi a RDO: momwe ntchito ikuyendera

Lolemba, 20 Meyi 2024

Nkhani yatha lero m'mawa pa msonkhano ndi abwana komanso a ku ofesi ya zachuma. OpenStack, pulogalamu yosandutsa maseva kukhala cloud yathuyathu, tiyika tokha pogwiritsa ntchito mapaketi a RDO, sitigula yokonzedwa kale ndi kampani. Ndayamba zolemba zino kuti chilichonse chizilembedwa tsiku lomwe chachitika, poti pa ntchito ngati iyi chimene chimaiwalika msanga ndi chifukwa chimene munasinthira mzere wina m'fayilo ina. Pa ntchitoyi tilipo awiri, ine ndi mnzanga woona za netiweki. Muno ndiziwatchula kuti achimwene, monga ndimawaitanira muofesi.

Chatikankha kwambiri ndi ndalama, sindibisa. Mtengo umene tinalandira unali wa madola, wolipira chaka ndi chaka, powerengera seva iliyonse. Nthawi imene tinkaupempha dola inali pa K1,180. Pa 9 Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700, ndipo bajeti yomwe inali itavomerezedwa kale inaperewera pomwepo. Komanso kukhala ndi makwacha mu akaunti sikutanthauza kuti madola apezeka tsiku limene layisensi ikutha. Amayi a zachuma anandifunsa funso limodzi lokha: "Bambo, nanga chaka chamawa tikachedwa kulipira, makinawo azima?" Ndinawayankha kuti makina sazima, koma zigamba zachitetezo zikhoza kusiya kubwera, ndipo zimenezo n'zoopsa kuposa kuzima chifukwa sizioneka ndi maso.

Sindikunyoza makampani ogulitsa OpenStack. Red Hat, Canonical ndi Mirantis amagulitsa chinthu chenicheni: amayesa zidutswa zonse pamodzi, amasamalira mtundu umodzi kwa zaka zambiri, ndipo zikavuta usiku pali munthu woti ayankhe. Ndawauza abwana momveka kuti ntchito imeneyo siyikutha chifukwa choti sitikulipira. Ikungosamukira pa mapewa athu, ndipo ndapempha kuti maola ake awerengedwe ngati ntchito, osati zochita pa nthawi yopuma. Avomera.

Kwa amene sakuidziwa, RDO ndi gulu la anthu lomwe limatenga OpenStack monga yatulukira kwa olemba ake n'kuipanga mapaketi a RPM oyika pa CentOS Stream, mtundu wina wa Linux. OpenStack yeniyeniyo inayambitsidwa ndi NASA ndi Rackspace mu 2010, ndipo imatulutsa mtundu watsopano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Chimene chinandilimbitsa mtima ndi CERN ya ku Geneva, yomwe yakhala ikuyendetsa cloud yake pa OpenStack kuyambira 2013 pogwiritsa ntchito mapaketi a RDO omwewa. Iwo ali ndi gulu lalikulu la akatswiri, ife tili awiri ndi maseva asanu ndi anayi akale. Komabe mapaketi ndi amodzimodzi.

Tasankha mtundu wa 2024.1, wotchedwa Caracal, umene unatuluka mu Epulo. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira pa 2023.1 Antelope, mitundu yothera ndi .1 imalola kudumpha: kuchoka pa 2024.1 kupita pa 2025.1 osadutsa pa wapakati. Kukweza cloud kawiri pa chaka anthu awiri sitingakwanitse. Kamodzi pa chaka tikwanitsa.

Lachisanu, 24 Meyi

Sabata yonseyi sitinayike pulogalamu ya OpenStack ngakhale imodzi. Takhala tikumanga nkhokwe yathu ya mapaketi, ndipo ndikukhulupirira kuti pa zonse zomwe tichite, ichi n'chimene chidzatipulumutse kawirikawiri.

CentOS Stream 9 siima malo amodzi, mapaketi ake amasintha nthawi zonse. Mukayika seva yoyamba Lolemba, yachiwiri Lachinayi, zikhoza kukhala ndi libvirt kapena kernel yosiyana, ndipo mawa lake mumakhala mukufufuza vuto lomwe likuoneka pa makina amodzi okha. Kampani yogulitsa imakupatsani mapaketi oyesedwa pamodzi ndi kuwaimitsa. Ife tiyenera kudziimitsira tokha. Ndiye tatenga kaseva kakang'ono kakale, n'kukokera momwemo ndi `dnf reposync` nkhokwe zonse zofunika: BaseOS, AppStream, CRB, extras, ya Cloud SIG ya Caracal, ya RabbitMQ, ya Open vSwitch ndi OVN, ndi ya Ceph. Zonse zimalowa m'foda yolembedwa deti la tsikulo. Maseva athu saloledwa kukoka paketi pa intaneti mwachindunji, amangoona foda imene taloza kuti ndiyo yovomerezeka. Tikafuna zatsopano, tikoka foda ina, tiyesa, kenako tisuntha cholozera. Zikavuta tibwerera pa foda yakale.

Kukoka koyamba kwatenga mausiku atatu. Masana sitingathe, intaneti ya paofesi imadyedwa ndi misonkhano ya pa Zoom, ndipo tsiku loyamba titayesa masana anthu a m'chipinda chapamwamba anatsika kudzafunsa chomwe chavuta. Tinapepesa, n'kuika ntchitoyo kuti iziyamba 8 koloko usiku.

Tinakambirananso za chida choyikira. Packstack ndi yabwino poyesera pa makina amodzi, koma si ya cloud yoti anthu aidalire. TripleO inasiya kusamalidwa mu 2023. Achimwene ankafuna Kolla-Ansible, ndipo mfundo zawo zinali zomveka: anthu ambiri amaigwiritsa ntchito, ndipo kukweza kwake n'koyesedwa bwino. Ine ndinakana pa chifukwa chimodzi. Ndikufuna kuti ulendo woyambawu tidutse fayilo iliyonse ndi manja athu, tidziwe chomwe mzere uliwonse ukuchita, kenako tilembe zimenezo mu Ansible yathu, chida chobwereza chokha masitepe oyikira pa maseva. Ngati palibe woti timuyimbire, tiyenera kudziwa mkati mwa chinthuchi. Tagwirizana kuti tidzaunikanso nkhaniyi pokonzekera 2025.1. N'kutheka kuti pamenepo achimwene adzapambana.

Lachitatu, 29 Meyi

Maziko aikidwa pa maseva atatu olamulira: chrony, MariaDB ndi Galera, RabbitMQ, Memcached, HAProxy ndi Keepalived. Atatu chifukwa Galera, yomwe imasunga database yofanana pa maseva onse, ndi RabbitMQ, yonyamula mauthenga pakati pa zigawo za OpenStack, zimafuna kuti ambiri agwirizane. Mmodzi akagwa, awiri otsalawo amapitiriza. HAProxy, yomwe imagawira maseva atatuwa mafunso obwera, taiuza kuti zolemba zonse za database zizipita ku seva imodzi, enawo azidikira. `max_connections` taikweza kufika pa 4096 monga buku loyikira likunenera. Ku RabbitMQ tayamba ndi ma quorum queue kuyambira lero, popeza njira yakale ya mirrored ikuchotsedwa mu mtundu wa 4.0, ndipo palibe chifukwa chomangira pa chinthu chomwe chikupita.

Mkuja, pa 31 Meyi, CentOS Stream 8 ikutha. Sizikutikhudza. Chotikhudza ndi 30 Juni, tsiku lomwe CentOS Linux 7 ikutha, chifukwa maseva anayi omwe tikufuna kusamutsira mu cloud ino akadali pa 7.

Lachiwiri, 4 Juni

Keystone, gawo la OpenStack lotsimikizira amene akulowa, yatidyera masiku awiri, ndipo cholakwa chinali changa.

Inayamba bwinobwino. `openstack token issue` inabweza tokeni, chiphaso cholowera, tinasangalala. Titayika Glance, yosunga zithunzi za madiski zoyambitsira makina, ndiye zinayamba: lamulo lomwelomwelo, `openstack image list`, likugwira kamodzi, kawiri likukana ndi 401, kenako likugwiranso. Ndinayamba kukayikira pasiwedi, ndinailembanso. Ndinakayikira Memcached, ndinaiyambitsanso. Ndinakayikira nthawi, koma chrony inaonetsa kuti maseva onse ali pamodzi. Dzulo madzulo achimwene anakhala pambali panga, n'kutenga pepala, n'kuyamba kulemba chizindikiro nthawi iliyonse ndikamenya lamulolo. Titafika pa ka 30 anawerenga: kakhumi kagwira, ka 20 kakana. Anangoti, "Achimwene, kamodzi pa katatu. Maseva tili nawo angati?"

Pomwepo ndinadziwa. Keystone imasainira matokeni ndi makiyi a Fernet omwe amakhala mu `/etc/keystone/fernet-keys`. Ine ndinali nditayendetsa `keystone-manage fernet_setup` pa seva iliyonse payokha, choncho iliyonse inali ndi makiyi akeake. Tokeni yopangidwa ndi seva yoyamba inkadziwika kwa yoyambayo basi, ndipo HAProxy ikatumiza funso kwa yachiwiri kapena yachitatu, izo zinkaikana. Makiyiwo ayenera kupangidwa pamalo amodzi n'kukoperedwa kwa enawo. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ndekha ndikanapitiriza kusakasaka m'malogi mpaka Lachisanu.

Takonza, ndipo talemba kasikripiti kosinthira makiyi: seva yoyamba yokha ndiyo imasintha, kenako n'kutumiza kwa anzake. Tokeni imakhala ola limodzi, masekondi 3600, ndiye kiyi yakale siyenera kufufutidwa matokeni ake asanathe. Zoterezi chida cha kampani chimachita mwakachetechete, ndipo munthu akhoza kuyendetsa cloud zaka zitatu osadziwa kuti fodayi ilipo.

Lachisanu, 7 Juni

Ceph, pulogalamu yosungira deta, yaikidwa pa maseva atatu osungira, mtundu wa Reef, kudzera mu cephadm. Chilichonse chimasungidwa katatu, ndiye malo enieni ogwiritsa ntchito ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a madiski, ndipo Ceph imayamba kuchenjeza ikafika pa 85 peresenti. Ndawafotokozera abwana zimenezi lero lomwe kuti asadzawerengere nambala yolembedwa pa madiski. Cephadm imakoka makontena, ndiye pa kaseva ka nkhokwe taikaponso registry yathu.

Tsiku loyamba inadandaula za kusiyana kwa nthawi. Ma monitor a Ceph salola kusiyana kopitirira masekondi 0.05, ndipo seva imodzi inali ndi batire ya pa motherboard yakufa. Tasintha batire.

SELinux, chitetezo cha mkati mwa Linux, tiisiya yoyaka. HAProxy itakana kutsegula madoko ena, ndinayesedwa kuti ndingoizima, monga malangizo ambiri a pa intaneti amanenera. Titaona mu `audit.log` tinapeza kuti tinaiwala paketi ya `openstack-selinux` pa maseva awiri. Yalowa mu Ansible kuti isadzaiwalikenso.

Lachinayi, 20 Juni

VM yoyamba, kompyuta yongoyerekeza yoyenda mkati mwa seva, yadzuka nthawi ya 3:40 masana. Ndi CirrOS, kachithunzi kakang'ono koyesera, ya memory 512 MB, yopanda ntchito ina iliyonse. Ndinaima pakhomo la chipinda cha maseva n'kuitana achimwene kuti adzaone mawu ofunsa dzina lolowera akuphethira pa sikirini.

Isanadzuke inakana kasanu ndi uthenga umene aliyense woyika Nova, gawo loyendetsa ma VM, amaudziwa: "No valid host was found". Uthengawu sunena chomwe chavuta, umangoti malo sanapezeke. Maseva atatu oyendetsa ma VM ankaoneka mu `openstack compute service list` kuti ali moyo, koma anali asanalembedwe mu cell. Lamulo la `nova-manage cell_v2 discover_hosts` linathetsa nkhaniyo. Taika kuti Nova izidzifufuzira yokha mphindi zisanu zilizonse.

Zithunzi zonse mu Glance tiziika za mtundu wa raw, osati wa qcow2. Ndi raw, Ceph imangopanga chofanizira m'masekondi ochepa. Ndi qcow2, chithunzi chimayenera kukokedwa, kusinthidwa, n'kubwezedwanso, ndipo Ubuntu imodzi inatenga mphindi zingapo kudzuka. Ndaonanso kuti kuyambira pa Antelope, Nova imayamba ndi kugawa CPU imodzi kwa anayi, osati 16 ngati kale, ndipo memory siigawa mopyola yomwe ilipo. Tazisiya choncho.

Lachitatu, 26 Juni

Netiweki tikuyendetsa ndi OVN. Linux bridge, yomwe ndinaizolowera kale, Neutron, gawo la netiweki la OpenStack, inaiika m'gulu la zoyeserera kuyambira pa Zed, ndiye sitinaiganizire n'komwe.

Vuto la sabata ino linali lovuta kuligwira chifukwa zinthu zinkaoneka ngati zikuyenda. VM ikulandira adiresi, ping ikuyankha, SSH ikulowa. Koma mukangolamula chinthu chobweza mawu ambiri, sikirini ikuuma. Ndipo osati nthawi zonse: ma VM awiri akakhala pa seva imodzi, bwinobwino, wina akakhala pa seva yachitatu, kuuma.

Apa achimwene ndiye anali kwawo. Mapaketi a deta oyenda pakati pa ma VM amakulungidwa mu Geneve, ndipo chikulungocho chimadya mabayiti 58. Pa waya wa MTU 1500, kutanthauza wolola paketi yosapitirira mabayiti 1500, VM imatsala ndi 1442. Ife tinauza Neutron kuti waya wathu ndi wa 9000, iyo n'kupatsa ma VM 8942. Achimwene anayenda seva ndi seva akumenya `ping -M do -s 8972`, kuletsa paketi kudulidwa, ndipo pa seva yachitatu sinadutse. Doko limodzi pa switch linali likadali pa 1500. Mwezi watha tinasuntha waya wa seva imeneyo chifukwa unali wothina, tinaulowetsa pa doko loyandikana nalo, osalemba paliponse. Timapaketi ting'onoting'ono tinkadutsa, akuluakulu ankatayidwa popanda uthenga.

Tsopano waya uliwonse uli ndi kapepala mbali zonse ziwiri, ndipo ping imeneyi ili m'gulu la mayeso omwe Ansible imayendetsa ikamaliza ntchito iliyonse.

Tsiku la 30 Juni sitilikwanitsa. Maseva anayi a CentOS 7 aja tawatsekera kumbuyo kwa firewall, ofikika kuchokera muofesi mokha, mpaka cloud itakonzeka. Ndawauza abwana lero, osadikira kuti afunse.

Lachitatu, 3 Julayi

Dzulo gulu loona zachitetezo la OpenStack linatulutsa chenjezo la OSSA-2024-001, nambala yake CVE-2024-32498. Likukhudza Cinder (yoona za madiski a ma VM), Glance ndi Nova. Munthu yemwe ali ndi akaunti akhoza kukweza chithunzi cha qcow2 chokonzedwa mwachinyengo, choloza ku fayilo ya pa seva yeniyeniyo, ndipo dongosolo likamachisintha limamubwezera zomwe zili m'fayiloyo. Pa maseva amenewa pali mafayilo okhala ndi pasiwedi ya database, ya RabbitMQ, ndi makiyi a Ceph. Wowerenga zimenezo watenga cloud yonse.

Ndinaliona usiku pafoni, ndili kunyumba, chifukwa ndinalembetsa kuti machenjezo a OpenStack azindipeza pa imelo. Ndikanakhala kuti sindinalembetse, palibe akanandiuza. Apa mpamene ndamva kulemera kwa zomwe ndinalonjeza pa 20 Meyi paja. Wogula ku kampani amalandira uthenga ndi paketi yokonzedwa, ndi malangizo a momwe angaiyikire. Ife tiyenera kuwerenga chenjezo tokha, kumvetsa ngati likutikhudza, kutsatira zigambazo pa review.opendev.org pamene zikulowa mu nthambi ya `stable/2024.1`, kenako kuona kuti zafika liti m'mapaketi. RDO ili ndi njira ziwiri: RDO Trunk, yomwe imapanga paketi pa kusintha kulikonse kolowa mu nthambi, ndi nkhokwe ya Cloud SIG, yomwe ife timakokako. Ndakhala m'mawa wonse ndikuyerekeza manambala a mapaketi ndi mndandanda wa zigamba.

Mwayi wathu ndi woti cloud sitinaitsegulire anthu, akaunti zilipo ziwiri zokha. Komabe tachita ngati kuti anthu alimo kale, kuti tiphunzire njira yake lero pamene kulakwitsa sikupweteka aliyense. Mu policy ya Glance taletsa aliyense amene si admin kukweza chithunzi. Poyamba ndinkaganiza kuti poti timalola raw yokha ndiye tili bwino, koma nditawerenga mofatsa ndinaona kuti dzina lomwe munthu walemba pa chithunzi silitsimikiza zomwe zili mkati mwake. Zigambazo n'zimene zikuwonjezera kuyang'ana mkatimo.

Talembanso ndondomeko ya tsamba limodzi. Amawerenga machenjezo ndani: tonse awiri. Tikoka foda yatsopano m'nkhokwe pasanathe tsiku limodzi mapaketi atapezeka. Tiyesa pa kacloud kakang'ono koyeserera, komwe tamanga ndi ma VM pa seva yopuma. Kenako seva imodzi imodzi, kuyambira olamulira.

Lachitatu, 24 Julayi

Zigamba za chenjezo loyamba tinaziyika motsatira ndondomeko ija, popanda chovuta. Dzulo kwatuluka lachiwiri, OSSA-2024-002, lonena kuti kukonza koyamba ku Nova sikunatseke mipata yonse. Ndiye tibwerezanso ulendo womwewo.

Sindikudandaula. Anthu omwe anapeza kuti chigamba chinaperewera ananena poyera, ndipo zokambirana zawo zonse tikhoza kuziwerenga. Ulendo uno kuwerenga chenjezo, kupeza zigamba ndi kukonza foda yoyeserera kwanditengera maola awiri, pamene koyamba kananditengera tsiku lathunthu. Kuletsa kukweza zithunzi kukhalabe mpaka izi zitalowa.

Lolemba, 5 Ogasiti

Loweruka usiku magetsi anazima, jenereta sinadzuke, ndipo UPS inagwira mpaka mabatire atatha. Maseva onse asanu ndi anayi anazima, osatsekedwa bwino. Alonda anandiyimbira cha m'ma 5 koloko m'mawa wa Lamulungu kuti m'chipinda muja mwangoti zii, phokoso la mafani silikumveka. Ndinawathokoza kwambiri bambo amenewa. Palibe anawauza kuti azimvetsera chipindacho.

Ndinafika magetsi atabwera kale. Maseva anali atayaka okha, koma cloud inali isanadzuke. Ceph inadzikonza yokha, inangofuna nthawi. RabbitMQ inadikira anzake n'kugwirizana. Galera ndiyo inakana, ndipo inachita bwino kukana. Onse atatu akagwa pamodzi, palibe amene amadziwa kuti mwa iwo ali ndi zolemba zomalizira ndani, ndiye amadikira munthu kuti asankhe. Mu `/var/lib/mysql/grastate.dat` pa maseva onse atatu munali `seqno: -1` ndi `safe_to_bootstrap: 0`.

Apa mtima unkandiuza kuti ndingodzutsa seva yoyamba, poti ndiyo imalandira zolemba masiku onse. Dzanja linali kale pa kiyibodi. Ndinaima, n'kuyimbira achimwene, omwe anali akukonzekera kupita kutchalitchi. Anati, "Musathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani onse atatu kaye." Ndinayendetsa `--wsrep-recover` pa iliyonse, n'kulemba manambala papepala. Yoyamba inali m'mbuyo. UPS ili ndi mizere iwiri, ndipo mzere wa seva yoyamba unatha msanga. HAProxy inasamutsira zolemba kwa yachiwiri, yomwe inapitiriza ndi yachitatu kwa kanthawi. Ndikanadzutsa yoyamba, enawo akanakopera zake n'kutaya zolemba zomalizirazo, ndipo database ya Nova ndi Cinder ikanasemphana ndi zomwe zili mu Ceph. Ndinasintha `safe_to_bootstrap` kukhala 1 pa yachiwiri, `galera_new_cluster`, kenako enawo mmodzimmodzi. Pofika 8 koloko zonse zinali zobiriwira.

Ma VM oyesera sanadzuke okha, chifukwa Nova siwadzutsa pokhapokha mutaiuza. Taika `resume_guests_state_on_host_boot` kukhala true.

Jenereta yapezeka kuti batire yake yoyambitsira inafooka, yasinthidwa lero. Koma phunziro la ntchito yathu ndi lina: UPS iyenera kulankhula ndi maseva. Tikuika NUT kuti batire ikatsika, ma VM atsekedwe, kenako maseva owayendetsa, kenako olamulira mmodzimmodzi, Ceph pomalizira itaikidwa `noout`. Galera ikatsekedwa mwadongosolo imadzilembera yokha amene wazima pomaliza. Masitepe onse odzutsira tawasindikiza papepala n'kuwamata kuseri kwa chitseko cha rack, chifukwa tsiku lomwe adzafunike, wiki yathu idzakhala ili m'kati mwa cloud yozimayo.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Kusamutsa VM ikuyenda, kuchoka pa seva ina kupita pa ina, kunkagwira mbali imodzi yokha. Maseva awiri ali ndi mapurosesa a Skylake, wachitatu ndi wa Haswell. VM yobadwira pa watsopano inkakana kupita pa wakale, poti inali itaona kale zinthu zomwe wakaleyo alibe. Mu `nova.conf` taika `cpu_mode` kukhala custom ndi mtundu wa Haswell pa onse atatu. Titaya pang'ono liwiro pa maseva atsopano, koma tizitha kukhuthula seva iliyonse masana n'kuiyika zigamba anthu akugwira ntchito. Popanda zimenezi ndondomeko ya pa 3 Julayi ikanakhala ya usiku ndi Loweruka basi.

Tayesanso kuzimitsa dala, kawiri, pozula pulagi ya UPS kukhoma. Koyamba Ceph inatsekedwa ma VM ena asanamalize. Tawonjezera nthawi yodikira. Kachiwiri zonse zinatsika mwadongosolo, n'kudzukanso popanda kukhudza `grastate.dat`.

Lolemba, 2 Seputembala

Anthu oyamba alowa. Gulu losanthula deta talipatsa project yawo, ma CPU 40, memory 128 GB ndi malo a 2 TB. Mayi wotsogolera gululi anapanga VM yawo yoyamba mu Horizon, tsamba la pa web loyendetsera cloud, ine nditaima kumbuyo kwawo, manja m'thumba kuti ndisawalande mausi. Anakakamira pa security group: VM inadzuka koma sankatha kulowamo, chifukwa doko 22 limakhala lotseka mpaka mwini atalitsegula. Anandifunsa kuti, "Nanga bwanji osangolitsegulira aliyense?" Ndinawafotokozera, anamvetsa, koma anandiuzanso zoona kuti kabuku kathu ka malangizo sikanatchule zimenezi. Ndakalembanso madzulo ano, ndi zithunzi za sikirini.

Awiri mwa maseva a CentOS 7 asamuka, ntchito zawo zili pa ma VM a Rocky Linux 9 ndi Ubuntu 24.04. Awiri atsala, ndipo imodzi ili ndi pulogalamu yakale ya PHP yomwe iyenera kukonzedwa kaye isanasunthe.

Chomwe chikundisowetsa tulo tsopano ndi backup. Kusunga katatu mu Ceph kumateteza diski ikafa, koma munthu akafufuta volume (diski ya VM) molakwitsa, imafufutika katatu konse, ndipo maseva onse ali m'chipinda chimodzi. Database ya OpenStack timaikopera kale usiku uliwonse ku makina a m'nyumba ina. Ma volume ayi. Sabata ino tiyika cinder-backup yolozera ku makina omwewo, ndipo sindidzalemba kuti yatha mpaka titabweza volume imodzi n'kuidzutsa.

2024.2 Dalmatian ikutuluka mu Okutobala, tiidumpha monga tinagwirizana, koma tidzaiyika pa kacloud koyeserera kuti tione zomwe zikusintha. Caracal imasamalidwa ndi olemba ake kwa miyezi pafupifupi 18, ndiye kukweza kupita pa 2025.1 kuyenera kuchitika chaka chamawa chisanafike kumapeto. Ndapempha abwana kuti atipatse munthu wachitatu, ngakhale wophunzira ntchito, woti ayambe ndi kumanganso kacloud koyeserera kuchokera pa Ansible yathu popanda ife kumuthandiza. Paliponse pomwe adzakakamire, pamenepo ndiye kuti zolemba zathu zaperewera. Ayankha Lachinayi.

Mawa 7 koloko: kukoka foda yatsopano ya mapaketi a Seputembala, kuyesa, ndi kuyamba cinder-backup.